Anthu Amene Amaona Zimene Rada Siona

Pa 11 Epulo 1965 linali Lamlungu la Kanjedza, ndipo m'zigawo za pakati chakumpoto kwa America kunacha kofunda bwino pambuyo pa miyezi ya chisanu. Anthu anapita kutchalitchi, ena kukacheza kwa abale. Pofika pakati pa usiku, akamvulumvulu oopsa amene kumeneko amawatcha tornado anali atasesa midzi ndi matawuni ku Indiana, Ohio, Michigan ndi zigawo zoyandikana nazo, ndipo anthu oposa 250 anali atafa. Boma litafufuza linapeza chinthu chowawa. Akatswiri a zanyengo anali atalosera bwino ndithu kuti tsikulo kukhala koopsa, koma uthenga woti tornado watera pakutipakuti unkafika mochedwa ku ofesi yawo, ndipo chenjezo lochoka ku ofesiko linkafika mochedwa kwa anthu, kwinaku osafika n'komwe. Mwa zinthu zimene anakonza pambuyo pake, china chinali kusonkhanitsa anthu wamba ongodzipereka ndi kuwaphunzitsa kuti aziyang'ana mitambo ndi kunena zimene akuona. Ntchitoyi inakhazikika m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina loti SKYWARN, ndipo lero bungwe la boma loona zanyengo, National Weather Service, limati anthu ophunzitsidwawa alipo pakati pa 350,000 ndi 400,000.

Munthu angadabwe kuti dziko lokhala ndi masetilaiti, makompyuta amphamvu ndi makina a rada pafupifupi 160 lidalirabe bwanji mlimi wa chimanga, mphunzitsi, wozimitsa moto kapena gogo wopuma pantchito amene waima pakhonde la nyumba yake. Ena amaganiza kuti ndi njira chabe yosangalatsira anthu okonda zanyengo, kuwapatsa kakhadi kuti adzimve kuti nawonso ndi ofunika. Maganizo amenewa ndi olakwika. Pali zinthu zimene makina sangathe kuona chifukwa cha mmene dziko linapangidwira, ndipo malo amenewo amatsekedwa ndi munthu. Koma si munthu aliyense. Maso aliyense ali nawo, ndipo mantha akagwira, maso amanama. Chimene maphunzirowa amapereka ndi mwambo wa kanenedwe: kunena chokhacho chimene waona, pamalo pamene wachiona, pa nthawi imene wachiona, osawonjezera mchere. Luso limeneli limaoneka laling'ono, koma ndi pamene pagona ntchito yonse.

Tiyambe ndi vuto la rada. Makinawa amaponya mafunde m'mlengalenga, mafundewo n'kugunda madontho a mvula kapena matalala n'kubwerera, ndipo kompyuta imawerenga kuchuluka kwa mvulayo ndi kumene mphepo ikulowera. Mafundewa amayenda mowongoka ndipo amalozetsedwa m'mwamba pang'ono kuti asagunde nyumba ndi mitengo, pamene dziko ndi lobulungira, limanka litsetsereka pansi pawo. Zili ngati munthu amene waima pachulu usiku n'kuwalitsa tochi chakutsogolo: pafupi amaona udzu, koma patali kuwalako kumadutsa pamwamba pa mitengo, pansi pali mdima. Pa mtunda wa makilomita 160 kuchokera pamene pali rada, mafunde otsika kwambiri amadutsa pafupifupi makilomita atatu kuchokera pansi. Tornado, mphepo yosasula madenga, matalala amene afikadi pansi osasungunuka, madzi amene akudumpha mlatho, zonsezi zimachitika m'munsi mwa pamenepo. Katswiri amene wakhala pa kompyuta amatha kuona kuti mkati mwa mtambo mphepo ikuzungulira, koma mitambo yambiri yozungulira chotero sibala tornado. Funso loti kodi chinthucho chafika pansi, nthawi zambiri limayankhidwa ndi munthu amene ali pansipo.

Kulowa ntchitoyi n'kosavuta, mwinanso n'kosavuta mopitirira. National Weather Service ili ndi maofesi 122 olosera zanyengo, ndipo pa ofesi iliyonse pali katswiri amene ntchito yake ndi kulumikizana ndi anthu pa nkhani ya machenjezo. Nyengo ya mikuntho ikayandikira, makamaka kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, iye ndi anzake amayendayenda m'maholo a sukulu, m'malaibulale ndi m'malo a ozimitsa moto kukaphunzitsa madzulo. Maphunzirowo ndi aulere, amatenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ena amachitika pa intaneti. Safuna digiri kapena chida chilichonse chodula. Amene amabwera mochuluka ndi apolisi, ozimitsa moto, ogwira ntchito zamagetsi ndi zamisewu, komanso anthu okonda wailesi zolankhulirana amene ali ndi ziphaso zoulutsira mawu pa mafunde awoawo. Anthu awailesiwa akhala msana wa SKYWARN kuyambira pachiyambi, pa chifukwa chodziwikiratu: mkuntho ukagwetsa mapolo amagetsi ndi nsanja za foni, wailesi ya batire imalankhulabe.

Gawo lalikulu la maphunzirowa ndi la mitambo yonyenga. Kutsogolo kwa mvula yamkuntho kumabwera mtambo wautali, wakuda, wotsika, wotambalala kuchokera mbali ina ya thambo kufika mbali ina. Ndi woopsa kuuona, ndipo anthu osaphunzira amaimba foni akunjenjemera kuti tornado wafika, pamene mtambowu umangosonyeza kuti mphepo yozizira ikuthamanga kuchoka mumvulamo. Mphepoyo ingathe kugwetsa mitengo, koma si tornado. Palinso tizidutswa ta mitambo tong'ambikang'ambika timene timalendewera pansi pa mtambo waukulu, nthawi zina tosongoka bwinobwino, koma tosazungulira. Mtambo umene wophunzira amauzidwa kuti auyang'anitsitse ndi wina: chigawo chotsika chimene chimalendewera kumbuyo kwa mkuntho, kumbali kumene sikukugwa mvula, kumene mpweya wofunda ukukwera. Akachiona asathamangire foni. Aime kaye mphindi imodzi kapena ziwiri, aone ngati chikuzunguliradi, ngati tizidutswa ta m'mphepete mwake tikukokedwera m'mwamba, ngati chikukhalitsa kapena chikubalalika. Mtambo wosongoka ukatsika kuchokera pamenepo, ayang'ane pansi pake. Ngati fumbi, malata kapena nthambi zikuzungulira pansipo, ameneyo ndi tornado ngakhale nsonga ya mtamboyo ikuoneka kuti sinagunde nthaka. Ngati phiri kapena mitengo yamutchinga, anene kuti pansi sakuonapo. Mawu oti "sindikuona pansi" ndi amtengo wapatali kwa katswiri wa mu ofesi kuposa mawu ongopeka.

Kanenedwe nakonso kali ndi malamulo ake. Ku America mvula yamabingu imatchedwa yoopsa ngati ili ndi matalala ofika masentimita 2.5 m'mimba mwake, kapena mphepo yothamanga makilomita 93 pa ola, kapena tornado. Choncho woimba foni anene dzina lake ndi kuti anaphunzitsidwa, kenako chimene waona, malo enieni monga mphambano ya misewu kapena mtunda kuchokera pa tawuni, ndi nthawi imene chinachitika, osati nthawi imene akuimba. Matalala ayeze ndi rula mvula ikatha, apo ayi awayerekeze ndi ndalama yachitsulo kapena mpira wa gofu, zinthu zimene kukula kwake aliyense amakudziwa. Amaletsedwa kuyerekeza ndi mabo amene ana amaseweretsa, poti mabo alipo aang'ono ndi aakulu. Ndipo anene mwala waukulu kwambiri umene waupeza. Mwala wa matalala waukulu kuposa yonse imene inalembedwapo ku America, wa masentimita 20, unagwa ku Vivian m'chigawo cha South Dakota mu Julaye 2010, ndipo anautola pabwalo ndi munthu wamba wa m'mudzimo. Pa mphepo, anthu amakonda kukokomeza liwiro lake, n'chifukwa chake amene alibe chida choyezera amauzidwa kuti anene zimene mphepoyo yachita: nthambi yathyoka ndi yonenepa bwanji, mtengo wazuka unali wamoyo kapena wouma, denga lasasuka ndi la nyumba kapena la khola.

Phindu la lipoti lotere limaoneka bwino tikaona mmene anthu amalandirira chenjezo. Pa machenjezo 10 a tornado amene amaperekedwa ku America, pafupifupi 7 amadutsa popanda tornado kuoneka m'dera lochenjezedwalo. Akatswiriwo sikuti ndi osadziwa ntchito. Amasankha kuchenjeza pachabe kusiyana ndi kukhala chete anthu n'kufa. Koma zotsatira zake n'zakuti makutu a anthu amazolowera. Pa 22 Meyi 2011 tornado wamphamvu kwambiri anadutsa mumzinda wa Joplin ku Missouri n'kupha anthu 158. Chenjezo linali litaperekedwa mphindi zoposa 15 asanatere, ndipo masayirini analira. Ofufuza a boma atacheza ndi opulumuka anapeza kuti ambiri sanathawire pobisala atangomva sayirini. Anayamba atuluka panja kukayang'ana kumwamba, kutsegula wailesi yakanema, kuimbira m'bale, kufuna umboni wachiwiri. Umu ndi mmene munthu alili kulikonse, ndipo kumudzudzula sikusintha kanthu. Chimene chinasintha pambuyo pa Joplin ndi kalembedwe ka machenjezo, amene tsopano amanena poyera ngati tornado wangoganiziridwa kuchokera pa rada kapena waonedwadi, ndiponso kuopsa kwa zimene angawononge. Chenjezo loti anthu ophunzitsidwa aona tornado pamsewu wakutiwakuti ndipo akulowera kutawuni yakutiyakuti limadzutsa munthu pampando msanga kuposa loti rada yaona mphepo yozungulira. Umboni wachiwiri uja umabwera uli kale m'chenjezomo.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Yoyamba ndi yoti makina apita patsogolo. N'zoona: pofika 2013 rada zonse za bungweli zinali zitakonzedwa kuti zizitha kusiyanitsa maonekedwe a zinthu zouluka m'mwamba, moti tsopano zimazindikira zinyalala ndi zidutswa za nyumba zimene tornado waulutsa, ngakhale usiku kapena mkati mwa chimvula mmene diso la munthu silingathandize. Apa makina apambana munthu, ndipo palibe chifukwa chokanira. Koma taonani nthawi imene chizindikirochi chimaonekera: tornado amakhala atawononga kale, ndipo zidutswazo ziyenera kukwera kufika pamene mafunde a rada akudutsa. Kutali ndi rada, kapena tornado akakhala wofooka, kapena akamadutsa m'minda yopanda choulutsa, chizindikirocho sichioneka. Munthu wophunzitsidwa amaona mtambo ukuyamba kuzungulira zinthu zisanafike pamenepo. Komanso makinawo amaphunzira kwa anthu omwewa. Njira zimene kompyuta imayerekezera kukula kwa matalala zimayesedwa poziyika pambali pa malipoti a anthu amene anatola matalalawo ndi manja, ndipo ofesi imadziwa ngati chenjezo lake linalondola pomva kwa amene anali pamalopo.

Mfundo yachiwiri ndi ya foni. Lero aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndiye kuphunzitsa anthu kulinso ndi ntchito yanji pamene zithunzi zikusefukira pa Facebook mphindi yomweyo? Maofesi a zanyengo amaziyang'anadi zithunzizo, ndipo zina zimathandiza. Vuto ndi loti katswiri amene ali ndi mphindi ziwiri zoti asankhe kuchenjeza tawuni kapena ayi alibe nthawi yofufuza ngati chithunzi chili cha lero kapena cha zaka zisanu zapitazo, cha m'boma lake kapena cha kutsidya kwa nyanja, chenicheni kapena chopangidwa pa kompyuta. Chithunzi sichinena kuti wojambula analoza kumpoto kapena kumwera, ndipo chithunzi chosayenda sichisonyeza ngati mtambo ukuzungulira. Kuchuluka kwa mauthenga kwachititsa kuti mawu a munthu wodziwika, amene ofesi ili ndi dzina lake ndi malo ake pamapu, akhale ofunika kuposa kale. Nthawi zina ofesiyo ndi imene imayamba kumuimbira, kumufunsa kuti kwanuko kukugwa chiyani.

Mfundo yoti maola awiri ndi ochepa ndi yovuta kuiyankha, chifukwa ndi yoona. Munthu sangaphunzire kuwerenga thambo madzulo amodzi poonera zithunzi zosankhidwa bwino, zojambulidwa m'zigwa za Kansas kumene diso limaona kutali. Kwawo mwina kuli mapiri, nkhalango ndi nkhungu, ndipo mkuntho umabwera usiku. Malipoti olakwika ochokera kwa anthu ophunzitsidwa alipo ndithu. N'chifukwa chake maofesi amalimbikitsa kubwereza maphunziro pakapita zaka zingapo, ndipo ena ali ndi kalasi yachiwiri yozama. Komabe tiyeze maola awiriwo ndi cholinga chake. Sakupanga katswiri wa zanyengo. Katswiriyo alipo kale ku ofesi, ndi rada yake, ndipo lipoti lililonse amaliyika pambali pa zimene makina akuonetsa asanalikhulupirire. Maola awiri ndi okwanira kuchotsa zolakwa zitatu kapena zinayi zimene zimabwerezedwa kwambiri, ndi kuphunzitsa munthu kuti kukayika si manyazi.

Za ngozi n'zosafunika kuzizungulira. Pali kusiyana pakati pa woyang'anira nyengo wa SKYWARN ndi anthu othamangitsa mikuntho pa galimoto amene timawaona m'mafilimu. Bungwe la boma silituma munthu kuthamangitsa tornado, ndipo ambiri mwa ophunzitsidwawa amanena zimene aona ali pakhomo kapena kuntchito. Pa 31 Meyi 2013, pafupi ndi El Reno ku Oklahoma, tornado anakula mwadzidzidzi kufika makilomita 4.2 m'lifupi, n'kukhota mosayembekezeka. Anapha Tim Samaras, katswiri wofufuza amene ankadziwika ndi kusamala kwake, pamodzi ndi mwana wake Paul ndi mnzawo Carl Young. Ngati anthu a luso lotero anapezeka pamalo olakwika, wa maola awiri alibe chifukwa choyatsira galimoto. Ndipotu chimene chimaopseza woyang'anira nyengo kawirikawiri si tornado. Ndi mphenzi, imene imatha kugwa kutali ndi pamene pakugwa mvula, ndiponso madzi odutsa pamsewu. Madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono. Lamulo limene amaphunzitsidwa ndi loti abisale kaye, foni aimbe pambuyo.

Pa nkhani ya madziyi pali chitsanzo chimene chili pafupi ndi moyo wathu kuposa tornado. Pa 28 Julaye 1997 chimvula chinagwa mumzinda wa Fort Collins ku Colorado, kamtsinje ka Spring Creek n'kusefukira, anthu asanu n'kufa. Akatswiri atayenda khomo ndi khomo kufunsa amene anali ndi zoyezera mvula kapena zidebe zimene zinali panja, anapeza kuti kumadzulo kwa mzindawo kunagwa mvula yoposa mamilimita 350, pamene makilomita ochepa chabe chakum'mawa inagwa yochepa kwambiri. Zoyezera za boma zinali zotalikirana moti sizikanatha kuona kusiyana kotere. Chaka chotsatira, katswiri wa pa Colorado State University, Nolan Doesken, anayambitsa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa CoCoRaHS. Aliyense amakhala ndi choyezera mvula cha mtundu umodzi, amawerenga m'mawa uliwonse n'kutumiza nambala, ndipo ikagwa yamphamvu amatumiza lipoti lapadera nthawi yomweyo. Amauzidwa kutumiza ngakhale ziro, chifukwa kudziwa kumene sikunagwe mvula n'kofunika mofanana ndi kudziwa kumene yagwa. Gululi lafalikira m'zigawo zonse za America mpaka ku Canada.

Kwathu kuno tornado si mdani wamkulu. Zimene zimatipha ndi madzi osefukira, mphenzi, mphepo yosasula madenga a sukulu ndi matchalitchi, ndi mwera panyanja. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, nthambi yoona zanyengo inali itachenjeza masiku angapo m'mbuyo, komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri chifukwa cha matope ndi miyala zimene zinatsika m'mapiri ku Chilobwe mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kulosera kuti chigawo chakumwera kugwa mvula yambiri ndi ntchito ya setilaiti ndi kompyuta. Kudziwa kuti kamtsinje aka kasintha mtundu, kakubwera ndi mitengo, ndipo phiri layamba kulira, ndi ntchito ya munthu amene ali pomwepo. Sitikuyambira pa ziro. M'maboma ena muli kale anthu ongodzipereka amene amawerenga mvula tsiku ndi tsiku, ndi ena amene amayang'anira mizati yoyezera madzi m'mitsinje, yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, n'kuimbira anzawo a kumunsi kuti makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi aulutse uthenga ndi zimkuzamawu ndi malikhweru. Nzeru yake ndi yomweyo ya SKYWARN. Chimene tingatengereko kwa anzathuwa ndi kukhazikika: maphunziro obwera chaka ndi chaka osadikira pulojekiti, miyeso imodzi dziko lonse kuti mawu oti madzi afika pofiira atanthauze chimodzimodzi ku Karonga ndi ku Nsanje, ndi nambala imodzi yodziwika yoimbira.

Nambalayo ikutifikitsa pa chitsutso chomaliza, chimene chimamveka ku America komwe ngakhalenso kuno: kodi kudalira anthu ongodzipereka si njira yoti boma lizembe udindo wake, n'kumagwiritsa anthu ntchito yaulere? Nkhawayi ndi yomveka, makamaka kumene munthu wongodziperekayo amagula yekha mayunitsi a foni kuti achenjeze mudzi wa ena. Koma mmene ntchitoyi imayendera zikusonyeza kuti wongodzipereka sangalowe m'malo mwa wolembedwa ntchito. Lipoti la matalala kapena la mtsinje wodzaza silipulumutsa munthu lisanafike kwa katswiri amene ali maso pa nthawiyo, amene angaliyeze ndi zimene makina akuonetsa, n'kulisandutsa chenjezo lopita pa wailesi ndi pa mafoni a anthu zikwizikwi. Anthu ophunzitsidwa akachuluka, ntchito ya ofesi imachulukanso: wina ayenera kuwaphunzitsa, kusunga mayina awo, kuyankha foni zawo, ndi kuwauza pambuyo pake ngati lipoti lawo linathandiza, apo ayi amagwa ulesi n'kusiya. Mu 2025 boma la America litachepetsa antchito m'nthambi zake, maofesi angapo a National Weather Service anafika posowa anthu okwanira kugwira ntchito usiku wonse, ndipo maofesi oyandikana nawo ndi amene ankawagwirira maola amenewo. Oyang'anira nyengo a m'madera amenewo anali adakalipo, ndi wailesi zawo ndi marula awo, koma lipoti la 2 koloko usiku linkakalandiridwa ndi munthu wa ku ofesi ina, amene misewu ndi mitsinje ya deralo amangoidziwira pamapu.